Momwe mungagulire magalamafoni akale n'kuwagulitsanso pa okushoni

Galamafoni yoyamba imene ndinagula inali ndi lipenga lamkuwa lonyezimira moti munthu n'kudziwonera nkhope, ndipo kutsogolo kwake kunali chithunzi cha galu Nipper, chizindikiro cha His Master's Voice (HMV). Nditamasula masikuluwu kunyumba ndinapeza bokosi la matabwa atsopano, ndi mota imene anachita kuzula m'galamafoni ina yotchipa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake ndiyambira pa maso, za nyundo ya okushoni zibwera pambuyo.

1. Dziwani kuti si yakale iliyonse imene ili yosowa

Thomas Edison anapanga fonogalafu mu 1877, koma iyo inkaimba nyimbo zojambulidwa pa chinthu chobulungira ngati chitini. Galamafoni yoimba mbale za nyimbo zafulati ndi ya Emile Berliner, amene anailembetsa mu 1887. Zinthu ziwirizi musazisokoneze, pakuti ogula ake amasiyana.

Osonkhanitsa amalimbirana kwambiri makina oyambirira a Berliner, ndi a lipenga lakunja amene Gramophone Company ya ku London ndi Victor Talking Machine Company ya ku Camden, New Jersey, ankapanga cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Amafunanso a EMG, opangidwa pamanja ku London m'ma 1920 ndi 1930, amene lipenga lake lalikululo ndi la mapepala omatamata. Koma kuyambira 1906 Victor inayamba kubisa lipenga m'kati mwa kabati n'kutcha makinawo Victrola, ndipo anagulidwa ngati mchere. Mtundu umodzi wokha, Victrola XI, anapanga oposa 800,000. Kabati yotereyi ndi yokongola pabalaza, koma ndi yolemera, yovuta kutumiza, ndipo mtengo wake pa okushoni nthawi zambiri umakhumudwitsa eni ake.

Woyamba kumene ndimamulangiza HMV 102, yonyamula m'manja ngati sutikesi, imene inatuluka mu 1931. Imaimba bwino, zipangizo zake zimapezeka, ndipo ogula sasowa. Yakuda ndiyo yofala; yofiira, yabuluu kapena yobiriwira imakwererapo mtengo.

2. Phunzirani kuzindikira yabodza

Apa ndiye pamene ambiri timagwa. Magalamafoni a lipenga achinyengo, ochuluka opangidwa ku India, adzaza m'misika ya zinthu zakale ndi pa intaneti. Yambani ndi chigongono cha lipenga, pamene limapindikira kulowa ku mkono wonyamula singano. Cha makina enieni chimakhota mosalala. Chabodza chimakhala cha tizidutswa ta paipi towotcherera, chokhala ndi ngodya yakuthwa. Kenako onani chopukusira, chogwirira chimene mumazunguza kuti mota ipeze mphamvu. Ngati chikulowa m'bokosi chopendekeka, dziwani kuti motayo inachokera m'galamafoni yonyamula m'manja, chifukwa pa makina a lipenga chimalowa molunjika. Bokosi la mbali zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu, la magalasi m'mbali, lonunkha vanishi watsopano, likuchenjezeni. Chithunzi cha galu Nipper chikakhala ngati sitika yoti chikhadabo n'kuimatula, bwezani chikwama m'thumba.

Palinso mtundu wina wovuta kuugwira: zipangizo zonse ndi zakale ndithu, koma zochokera ku makina atatu kapena anayi osiyana. Nyamulani thabwa limene pakhala mota, muone ngati pali mabowo a masikuluwu opanda ntchito kapena otsekedwa ndi phula. Bowo lililonse lotere likunena kuti panali china chimene chinachotsedwa. Makina a Victor ali ndi kachitsulo kolembedwa mtundu ndi nambala. Kajambuleni, mufananitse ndi zithunzi za m'makatalogi akale. Mabungwe a osonkhanitsa monga City of London Phonograph and Gramophone Society, limene linayamba mu 1919, amasindikiza zambiri zothandiza pa ntchito imeneyi. Safunsa anadya phula.

3. Yeniyeniyo ipimeni musanaikonde

Pitani tsiku loonetsa katundu, okushoni isanachitike. Ngati ili kutali, pemphani lipoti la mmene katunduyo alili ndi zithunzi za m'kati, osati zakunja zokha.

Pukusani pang'onopang'ono. Chopukusira chikamangozungulira osalimba, sipuling'i inaduka kapena inasomphoka. Mukamva kugunda kwa "gu! gu!" mbale ikuzungulira, ameneyo ndi girisi wakale amene anauma, ndi vuto lokonzeka. Liwiro liyeseni chonchi: ikani kapepala m'mphepete mwa chozungulira, chimene pamakhala mbale, muwerenge kangati kakudutsa pa chala chanu. Pa masekondi 30 kadutse ka 39, ndiye kuti ikuzungulira ka 78 pa mphindi, liwiro loyenera mbale zake zotchedwa 78.

Tsopano kachipangizo kozungulira kogwira singano, kamene akatswiri amakatcha soundbox. Mawu onse amabadwira m'menemo. Labala wake amauma ndi zaka, ndipo kumusintha si nkhani. Choopsa ndi chitsulo chosakaniza ndi zinki chimene makampani ena ankagwiritsa ntchito m'ma 1920, kuphatikizapo pa ma Orthophonic Victrola ambiri: chimafufuma, n'kuchita ming'alu, n'kuyoyoka ngati dothi louma, ndipo sichiwotchereka. Pomaliza gogodani matabwa. Fumbi losalala likamagwa m'timabowo, matabwa ofumbwawo akadali ndi anankafumbwe m'kati, ndipo adzasamukira ku mipando yanu.

4. Werengerani ndalama dzanja lisanakwere

Mtengo umene nyundo yagwerapo si umene mulipire. Nyumba za okushoni zimawonjezera gawo lawo kwa wogula, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 30 peresenti, osawerengera msonkho ndi zotumizira. Tiyerekeze kuti nyundo yagwa pa 1,000 m'ndalama iliyonse, gawo lawo ndi 25 peresenti. Mulipira 1,250. Mukadzaibweza pa okushoni, wogulitsa nayenso amadulidwa komishoni, tinene 15 peresenti. Kuti mungobweza 1,250 yanu ija, nyundo iyenera kugwa cha pa 1,470. Phindu limayambira pamwamba pa apo.

Choncho lembani malire anu papepala usiku wake, mutayang'ana mitengo imene makina ofanana nawo anagulidwadi, osati imene anthu akungoitanira pa eBay, msika wa pa intaneti. M'chipinda cha okushoni mtima umatentha, makamaka wina akakuyang'anani cham'mbali n'kukweza khadi lake. Ngati mumadzidziwa kuti simugonja, siyani mtengo wanu kwa kalaliki pasadakhale, inu mukhale kunyumba.

5. Konzani pang'ono, kenako chotsanipo manja

Pukutani fumbi ndi nsalu yofewa, pakani phula la mipando pang'ono, thirani timadontho ta oyilo wa makina osokera m'malo ozungulira. Basi. Musapale matabwa, musapakenso vanishi, musapente lipenga, ndipo chithunzi cha kampani chofwifwacho musachikhudze. Chimene inu mukuchiona ngati kutha, wosonkhanitsa akuchiona ngati umboni, ndipo makina opalidwa amagwa mtengo kuposa osiyidwa ndi zipsera zawo. Mukasintha kanthu, chakalecho chisungeni m'kathumba, chidzapite limodzi ndi makina.

Chigubu cha sipuling'i musatsegule nokha. Muli lamba wachitsulo wautali mamita angapo, wakuthwa m'mbali, wopindidwa mwamphamvu, ndipo akavumbuluka amatema zala ndi nkhope. Pitani nacho kwa wodziwa.

Za singano: yachitsulo ndi ya mbali imodzi ya mbale, kenako itayeni. Imapangidwa kuti ithe iyo m'malo mwa mbale, ndiye yogwiritsidwa kale imakanda nyimbo. Mbale zapulasitiki zozungulira ka 33 ndi ka 45 pa mphindi musaziyandikitse n'komwe. Nazonso za Edison Diamond Disc ndi za Pathé zambiri mizere yake inadulidwa mwa mtundu wina, ndipo singano yachitsulo imaziwononga.

6. Kugulitsa

Sankhani okushoni yogwirizana ndi katundu wanu. Galamafoni yosowa ikalowa pakati pa mipando ndi mapoto, imagulidwa ndi wochenjera mmodzi pa mtengo wozizira. Ipititseni kwa amene amachita okushoni ya makina akale oimba, monga Auction Team Breker ya ku Germany, kapena nyumba ina yokhala ndi katswiri wa zimenezi. Atumizireni zithunzi za mbali zonse, mota, nambala ndi kanema waifupi ikuimba. Funsani nyumba ziwiri kapena zitatu, ndipo funsani zonse zimene adzadule: komishoni, kujambula, inshulansi, ndi ndalama imene amalipiritsa katundu akapanda kugulidwa.

Gwirizanani mtengo wotsikitsitsa umene simungalole kupitirira pansi pake, koma musaukweze ndi dyera. Mtengo woyambira wotsika umakoka manja ambiri, ndipo anthu awiri okanirirana ndi amene amakweza katundu. Imene yabwerera osagulidwa imakhala ndi mbiri, chifukwa zotsatira zimatsala pa intaneti ndipo ogula amakumbukira.

Nenani zoona zonse. Ngati lipenga ndi lopangidwa posachedwa, lembani. Lisiti lakale, kabuku ka malangizo, kachitini ka singano, chithunzi cha mwini wake woyamba ali pambali pake, zonsezi perekani, pakuti zimakhazika mtima wa wogula pansi.

7. Kulongedza

Isiyeni galamafoniyo izungulire mpaka sipuling'i itheretu mphamvu. Chotsani soundbox, chopukusira, chozungulira ndi lipenga, chilichonse chikulungidwe pachokha. Chozungulira chija n'cholemera, chikasiyidwa chimadumpha m'njira n'kuphwanya zonse zili pafupi. Mkono umangeni ndi nsalu, osati tepi, chifukwa tepi imachoka ndi vanishi. Lipenga likhale m'katoni yakeyake, ndipo katoni ya makina ilowe m'katoni ina yokulirapo, pakati pake mutadzaza zofewa. Mbale za 78 zimasweka ngati mbale zadothi: ziikeni pakati pa makatoni olimba, choimirira, m'bokosi lina. Musanamate, jambulani chilichonse mmene chagonera, kuti pakadzabuka mkangano ndi otumiza mudzakhale ndi choonetsa.