Momwe mungachitire kuti mabatani ndi mabokosi a pulogalamu azitsatira zenera likamakula kapena kuchepa

Pulogalamu ikhoza kuoneka bwino pa kompyuta ya amene akuipanga, koma wina akangokulitsa zenera kuti lidzaze sikirini, mabatani onse n'kuunjikana pakona ya kumtunda kumanzere, malo otsalawo n'kukhala opanda kanthu. Akalichepetsa, batani losungira ntchito limasowa. Chimachititsa n'chakuti control iliyonse, kaya ndi batani, bokosi lolembamo kapena tebulo, imakhala yapatsidwa malo okhazikika owerengedwa kuchokera pakona imeneyo, ndipo palibe chinaiuza zochita malo akawonjezereka.

Njira zili m'munsizi ndi za Windows Forms, chida chopangira mazenera a mapulogalamu mu Visual Studio, koma kumapeto tiona momwe zida zina zotere, WPF, Tkinter ndi Qt, zimachitira zomwezo.

1. Yambani mwasankha amene adye malo owonjezerawo

Musanakhudze khodi, jambulani zenera lanu papepala. Tiyerekeze kuti ndi la ma pixel 800 m'lifupi ndi 600 kutalika. Pamwamba pali bokosi lofufuzira ndi batani lake, pakati pali tebulo la zotsatira, pansi kumanja pali mabatani awiri, Sungani ndi Tsekani. Munthu akalikoka kufika 1200 ndi 900, pabwera ma pixel 400 m'mbali ndi 300 chotsika. Apite kwa ndani?

Pafupifupi nthawi zonse apite kwa chimene chimasonyeza zinthu zambiri, pano ndi tebulo. Bokosi lofufuzira lifutukuke m'mbali mokha. Mabatani asakule, angosuntha. Batani lotalika ma pixel 500 silithandiza aliyense, limangonyansitsa zenera.

2. Mangirirani ndi Anchor

Dinani control, pitani pa Properties, pezani Anchor. Ili ndi mbali zinayi: Top, Bottom, Left ndi Right. Mbali imene mwasankha imakhala ngati yamangidwa ndi chingwe chosatamuka ku khoma la zenera: mtunda wa pakati pa control ndi khomalo susintha. Control yatsopano imabwera yomangidwa ku Top ndi Left kokha, n'chifukwa chake zonse zimatsalira pakona ija.

Pa chitsanzo chathu ikani motere. Bokosi lofufuzira: Top, Left, Right. Batani lofufuzira: Top, Right. Tebulo: mbali zonse zinayi. Sungani ndi Tsekani: Bottom, Right.

Mukamanga mbali ziwiri zoyang'anizana, control imakakamizika kufutukuka kuti mitunda yonse iwiri isasinthe. Mukamanga mbali imodzi, imasuntha ndi khomalo osakula. Mukasiya zonse ziwiri, mwachitsanzo osasankha Left kapena Right, imasuntha theka la malo owonjezerawo, choncho chimene chinali pakati chimakhalabe pakati. Imeneyi ndi njira yachidule yoikira batani limodzi pakati pa zenera popanda kuwerengera kalikonse.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi TextBox, bokosi lolembamo lija. Mukhoza kuimanga ku Top ndi Bottom koma osatalika ngakhale pang'ono, chifukwa ngati Multiline ili False, kutalika kwake kumatsatira kukula kwa zilembo basi. Isintheni kukhala True ngati mukufunadi bokosi lalitali. Kumbukiraninso kuti Anchor imamanga control ku chimene chaisunga, osati ku zenera lenileni. Batani likakhala mkati mwa Panel kapena GroupBox imene sikukula, nalonso silisuntha ngakhale mwaliika bwino.

3. Dock ndi ya zigawo zikuluzikulu

Dock imamata control ku khoma lonse: Top, Bottom, Left, Right, kapena Fill yomwe imatenga malo onse otsala. Ndi yoyenera menyu, mzere wa zida, mzere wa mauthenga pansi, ndi chigawo chachikulu chapakati. Anchor ndi Dock sizigwira limodzi pa control imodzi. Mukaika ina, inzakeyo imachotsedwa.

Vuto lodziwika apa ndi la tebulo la Fill limene mutu wake wabisika kuseri kwa menyu. Si kuti Dock yawonongeka. Ma control amagawana malo motsatira mmene asanjikidwira, kuyambira wakumbuyo kwenikweni, ndipo ya Fill ikakhala kumbuyo imayamba kutenga zenera lonse enawo asanatenge gawo lawo. Dinani kumanja pa tebulolo musankhe Bring to Front. Kapena tsegulani Document Outline pa menyu ya View, mukokere control ya Fill pamwamba pa mndandandawo.

Pamene mukufuna kuti wogwiritsa ntchito azidzisinthira yekha malire a zigawo ziwiri, ikani SplitContainer ya Fill. FixedPanel imanena chigawo chimene chisakule zenera likamakula, ndipo Panel1MinSize ndi Panel2MinSize, zomwe zimayambira pa 25, zikwezeni kuti chigawo chisafinyidwe mpaka kusawerengeka.

4. Pamene Anchor yalephera, TableLayoutPanel

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene mapulogalamu ambiri amagwera. Ikani mabokosi awiri moyandikana, la dzina ndi la keyala, onse omangidwa ku Left ndi Right. Zenera likakula ndi 400, loyamba limafutukuka ndi 400 kupita kumanja. Lachiwiri nalo limafutukuka ndi 400, koma mbali yake ya kumanzere ili pomwe inali. Mapeto ake loyamba limalowa m'malo a lachiwiri n'kuphimbana. Anchor imadziwa makoma okha, sidziwa kuti pafupi pali control ina.

TableLayoutPanel imagawa malo kukhala makolamu ndi mizere, ndipo kolamu kapena mzere uliwonse mumausankhira mtundu wa kukula pa Edit Rows and Columns. Absolute ndi ma pixel okhazikika. AutoSize imatsatira chachikulu kwambiri chimene chili m'katimo. Percent imagawana zotsala. Kagawidwe kake kamayamba ndi Absolute, kenako AutoSize, ndipo Percent imalandira zimene zatsala. Ndiye 50 peresenti si theka la zenera, ndi theka la zotsalazo.

Pa mabokosi awiri aja pangani makolamu anayi: AutoSize ya mawu akuti Dzina, 50 peresenti ya bokosi lake, AutoSize ya mawu akuti Keyala, 50 peresenti ya bokosi linalo. Tsopano lililonse lilandira 200 mwa ma pixel 400 aja, ndipo mukamasulira pulogalamuyo m'chinenero cha mawu aatali, makolamu a AutoSize adzadzikonza okha.

M'kati mwa TableLayoutPanel, Anchor imayang'ana makoma a kachipinda (pamene kolamu ndi mzere zakumana) kamene control ilimo. Bokosi lolembamo liikeni Left ndi Right lokha, lidzaza m'lifupi n'kukhala pakati chotsika. Label, yomwe ndi control ya mawu ngati Dzina aja, iikeni Left yokha kuti ifanane mzere ndi bokosi lake. Kachipinda kamodzi kamalandira control imodzi. Mukafuna mabatani awiri pamodzi, aikeni kaye mu FlowLayoutPanel, yomwe imandandalika ma control motsatana, ya FlowDirection ya RightToLeft, kenako muiike m'kachipindako. Tebulo lofunika kudutsa makolamu onse lipatseni ColumnSpan ya 4.

Onetsetsani kuti pali mzere umodzi wa Percent. Mizere yonse ikakhala AutoSize, malo otsala amathera pa mzere womaliza ndipo mabatani apansi amayandama pamalo osayenera. Musachulukitsenso ma TableLayoutPanel wina m'kati mwa mnzake. Awiri kapena atatu palibe vuto, koma akachuluka zenera limayamba kuphethira ndi kuchedwa polikoka, popeza aliyense amawerengeranso malo ake.

DataGridView, yomwe ndi control ya tebulo, ili ndi nkhani yakeyake: ikhoza kukula koma makolamu ake osakula, kumanja n'kutsala malo otuwa. Ikani AutoSizeColumnsMode pa Fill. Kolamu iliyonse imayamba ndi FillWeight ya 100. Ya mawu aatali ipatseni 300 kuti izilandira katatu kuposa zinzake, ndipo MinimumWidth ikhale yoti mutu wa kolamu uziwerengeka. AutoSizeColumnsMode ya AllCells ipeweni pa tebulo la mizere masauzande, chifukwa imayeza kachipinda kalikonse.

5. Ikani malire a kuchepa

Chepetsani zenera pang'onopang'ono mpaka pomwe zinthu zayamba kupanikizana, lembani kukula kumeneko pa MinimumSize ya Form, yomwe ndi zenera lenilenilo. Nambala imeneyi imaphatikiza mutu wa zenera ndi m'mphepete mwake, pomwe malo enieni a ma control ndi ClientSize, omwe ndi ocheperako. Ngati zinthu n'zambiri moti sizingakwane pa sikirini yaing'ono, ziikeni mu Panel ya AutoScroll, mabatani ofunika akhale kunja kwake kuti azioneka nthawi zonse.

6. Khodi ya Resize ikhale yomalizira

Ambiri amathamangira kulemba masamu mu Resize, khodi imene imaitanidwa zenera likasintha kukula, kuchulukitsa Left ndi Width ya control iliyonse. Zimagwira tsiku loyamba, koma mukawonjezera batani limodzi masamu onse ayambirenso. Resize imaitanidwanso kambirimbiri pamene munthu akukoka ndi mausi, choncho ntchito yolemera imene mwaikamo imamveka. Zenera likatsitsidwa pa taskbar, ClientSize imafika pa 0, ndipo khodi yogawa ndi kutalika imagwa. Yambani mwaona ngati WindowState si Minimized. ResizeEnd imadikira munthu amalize kukoka, koma siitanidwa akadina batani lodzazitsa sikirini. Mukamasintha ma control ambiri nthawi imodzi, yambani ndi SuspendLayout n'kutseka ndi ResumeLayout kuti malo awerengedwe kamodzi.

Pamene khodi ikufunikadi ndi monga kubisa chigawo cha m'mbali zenera likachepa kupitirira malire ena, kapena kujambulanso chithunzi chimene pulogalamu imajambula yokha.

7. Yesani pa masikirini osiyana

Pa Windows mumasankha kukula kwa zolemba ndi zina zooneka pa sikirini, komwe kumayezedwa ndi DPI (madontho pa inchi): 100 peresenti ndi DPI ya 96, 125 ndi 120, 150 ndi 144, ndipo 200 ndi 192. Laputopu ya 1920 ndi 1080 yoikidwa pa 150 peresenti imapereka malo ofanana ndi 1280 ndi 720 okha, ndiye zenera lotalika 800 silikwana ngakhale sikiriniyo ikumveka yaikulu. AutoScaleMode ya Form ikhale Dpi kapena Font, ndipo ikhale imodzimodzi pa ma Form onse. Kuti pulogalamu izidzikonza ikasamutsidwa kuchoka pa sikirini ina kupita pa ina, gwiritsani ntchito PerMonitorV2, yomwe inabwera ndi Windows 10 ya 1703 ndipo Windows Forms inayamba kuilandira pa .NET Framework 4.7. Pa .NET yatsopano imaikidwa ndi Application.SetHighDpiMode, zenera loyamba lisanapangidwe.

Poyesa, dzazitsani sikirini, bwezani, tsitsani pa taskbar, kenako dinani kiyi ya Windows pamodzi ndi muvi wa kumanzere. Pa sikirini ya 1366 ndi 768 zimenezi zimasiyira zenera ma pixel 683 okha m'lifupi, ndipo zolakwika zambiri zimaonekera pamenepo.

Pa zida zina

Mu WPF ntchitoyi ndi ya Grid: Auto imatsatira zam'kati, nyenyezi (*) imatenga zotsala, ndipo 2* imalandira kawiri kuposa *. Chotsani Width, Height ndi Margin zazikulu zimene zimalembedwa mukakoka control ndi mausi. ListBox musaiike mu StackPanel yotsika, chifukwa StackPanel imaipatsa kutalika kopanda malire ndipo kotsetserekera sikaoneka.

Mu Tkinter, weight ya kolamu ndi mzere imayambira pa 0, kutanthauza kuti sizikula. Ikani weight=1 kudzera pa columnconfigure ndi rowconfigure, komanso sticky="nsew" pa widget, yomwe ndi control ya mu Tkinter; chimodzi chikasowa, mwina kachipinda kamakula widget n'kutsala pakati, mwina palibe chimasuntha. Mu Qt Designer, kuika mabatani mu QHBoxLayout sikukwanira ngati zenera lenilenilo lilibe layout: dinani kumanja pamalo opanda kanthu, musankhe Lay out, kenako Lay Out Vertically kapena Lay Out in a Grid.