Dzino la mwana likaguluka, ola loyamba ndi lanu

Ana amagulukira mano pa mpira, pa njinga, mumtengo wa mango kapena pokankhana pa mjigo. Kawirikawiri lovulala limakhala dzino lakutsogolo lam'mwamba, ndipo amene amakhala pafupi ndi kholo, mphunzitsi kapena mnansi, dokotala ali kutali. Zimene munthu ameneyo achite m'mphindi zoyambirira ndi zimene zingapulumutse dzinolo.

Yambani ndi mwana, dzino pambuyo. Ngati anakomoka, akusanza, akuwodzera kapena nsagwada sizikutsekeka bwino, thamangirani kuchipatala chifukwa mwina wavulala m'mutu. Ngati ali bwino, mukhazikeni pansi, alume kansalu koyera kuti magazi aleke.

Kenako dziwani kuti ndi dzino liti. Mano aubwana amayamba kugwa okha mwana akafika zaka 6, ndipo akutsogolo okhalitsa am'mwamba amamera ali ndi zaka 7 kapena 8. Dzino laubwana musalibwezere. Pansi pake pali dzino latsopano limene likukula mu usinini, ndipo mukakankhira lakalelo mkati mukhoza kuliwononga. Mwanayo akaonedwebe kuchipatala.

Dzino lokhalitsa ndiye lofunika changu. Muzu wake umakutidwa ndi timinofu tofewa tomwe timalilumikiza ku fupa. Timinofuti timayamba kufa dzino likangouma, ndipo likakhala louma kwa mphindi 60 timakhala titafa pafupifupi tonse. N'chifukwa chake dzino timaligwira kumutu, mbali yoyera imene imaoneka munthu akaseka, osakhudza muzu. Apa ndi pamene anthu aukhondo amalakwitsa kwambiri: amalikwecha ndi mswachi, kulitsuka ndi sopo kapena sipiriti, n'kulikulunga bwinobwino m'pepala. Pofika kuchipatala dzino likuwala, koma muzu unafa kale. Ngati lili ndi dothi, ingolitsukuluzani pang'ono mu mkaka.

Chabwino koposa n'kulibwezera pomwepo. Liyang'anitseni monga linzake lapambali, lilowetseni m'malo mwake pang'onopang'ono ndi zala, mwana alume mpango kuti lisasunthe, muuyambe ulendo. Ambiri amachita mantha, koma dzino lobwezeredwa ndi mphunzitsi pabwalo m'mphindi zochepa lili ndi mwayi woposa lobwezeredwa ndi katswiri dzuwa litapendeka.

Mukalephera, lisungeni lonyowa. Mkaka wa ng'ombe, ngakhale wa m'paketi wa pagolosale, ndi wabwino kwambiri. Chambiko ayi, ndi chowawasa. Popanda mkaka, mwana alavulire malovu m'kapu, dzino muikemo. Mwana wamng'ono musamuuze kuti alisunge m'tsaya, angalimeze. Madzi wamba sasunga bwino timinofu tija, komabe aposa kulisiya liume.

Pitani tsiku lomwelo kumene kuli a zamano: kuchipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu, kapena ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Kumeneko amalimangirira ku mano oyandikana nalo ndi kawaya kofewa kwa masabata 2, ndipo nthawi zambiri amadzayeretsa mkati mwa muzu pambuyo pake. Tengani buku la kuchipatala la mwana, chifukwa dzino likagwera m'dothi amaona ngati akufunika katemera wa kafumbata. Masabata amenewa adye zofewa monga phala, nthochi ndi mbatata yophika. Mzimbe ndi chimanga chokazinga adikire.

Dzino longobenthuka, tolani kachidutswako muike mu mkaka, nthawi zina amakamatanso. Dzino logwedera kapena lolowa mkati musalikoke. Ndipo dzino likasowa pamalo a ngoziyo, nenani kuchipatala: likhoza kukhala litalowa m'mlomo wotupawo, kapena mwana analikokera m'chifuwa popuma.