Kayendedwe ka ulendo wa pagalimoto wokaona miyala ya m'chigwa cha Shire

Chigwa cha kumunsi kwa Shire si chipululu ngati Namib kapena Kalahari, koma kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, udzu ukapsa ndipo mitsinje yaing'ono ikaphwa, miyala yomwe imabisika dzinja lonse imakhala poyera. Imeneyi ndiyo nyengo yopangana ndi wotsogolera amene ali ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Musanagwirizane mtengo, mufunseni ngati amalola kuima pafupipafupi, popeza otsogolera ambiri anazolowera alendo ofuna kuona nyama, ndipo mwala amangoudutsa.

Yambani kuyang'ana mukadali pamtunda, musanatsike zikhotakhota za msewu wa M1 wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa. Mtsetse umenewu ndi mphepete mwa mng'alu waukulu umene unatsitsa chigwa chonse, moti miyala yolimba yomwe mwaimapo ikupezekanso pansi pa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, itakwiriridwa ndi dothi lomwe Shire wakhala akutula kwa zaka zosawerengeka. Pa mathithi a Kapichira, pomwe David Livingstone analephera kupitirira ndi sitima yake mu 1859, mtsinje umagubuduka pa miyala yakaleyo usanalowe m'chigwa.

Nthawi yambiri muisungire ku nkhalango yotetezedwa ya Mwabvi, m'boma la Nsanje, komwe mumalowera cha ku Bangula. Kumeneko mtsinje wa Mwabvi unaboola mwala wamchenga wa zaka zoposa 200 miliyoni, n'kusiya makoma a mizeremizere. Tsikani m'galimoto limodzi ndi mlonda wa nkhalangoyo, ndipo mukhule khomalo ndi chala: timchenga timayoyoka, kusonyeza kuti mwalawo unali mchenga wa m'mitsinje yakale umene unapanikizika mpaka kuuma gwa. Onaninso kuti mizere ina inapendekeka pamene ina inagona, chifukwa kupendekekako kumasonyeza komwe madzi akalewo ankalowera. Musatole kanthu, popeza malowa ndi otetezedwa. Pobwerera, cha ku Ngabu, funsani za miyala yakuda yochokera ku chiphala chamoto, momwe anthu amakumbamo miyala yobiriwira ngati thambo yotchedwa agate.

Za galimoto n'zochepa koma zosanyozeka. Onetsetsani kuti muli tayala lapadera, jeke, fosholo, chingwe chokokera ndi pampu, chifukwa powoloka mchenga wa mumtsinje wouma woyendetsa amaphwetsako matayala, kenaka n'kuwapopanso akafika pouma. Nyamukani m'mamawa ndi madzi akumwa ochuluka, popeza mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mvula yoyamba ikangogwa, ulendowo uimitseni: dothi lamakande, lomwe m'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, likanyowa limamata matayala mpaka galimoto kutitimira, ndipo mtsinje wouma ungadzaze mwadzidzidzi ndi madzi a mvula yomwe yagwa kutali kumapiri.