Momwe mungadziwire sipeya yoyenera ya galimoto ya ku Japan musanamugulitse kasitomala

Aliyense amene amagulitsa masipeya mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kaya mumsewu wa Kaguvi, ku Gazaland ku Highfield kapena ku Magaba ku Mbare amadziwa kuti makasitomala ambiri amabwera ndi dzina la galimoto lokha. Munthu amangoti, "Achimwene, ndipatseni mapulagi a Honda Fit," ndipo wogulitsa amene akuthamangira ndalama amatambasula dzanja pashelefu osafunsa kanthu. Mikangano yambiri ya m'mashopu mwathu imayambira pamenepa, chifukwa magalimoto a dzina limodzi amasiyana kwambiri mkati malinga ndi chaka chimene anapangidwa. Ine ndimaona kuti wogulitsa sayenera kutchula mtengo asanaone nambala ya chasisi.

Choyamba, mupempheni kasitomala buku la galimoto, kapena ajambule ndi foni kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi kamene nthawi zambiri kamakhomedwa pansi pa boneti n'kukutumizirani pa WhatsApp. Magalimoto amene anapangidwira msika wa ku Japan sakhala ndi nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 17 ngati ochokera ku South Africa kapena ku Ulaya. Awa amakhala ndi nambala yaifupi ya zigawo ziwiri, ndipo chigawo choyamba, chimene chili kumanzere kwa kamzere, ndicho chimatiuza mtundu weniweni wa galimotoyo. Pakachitsulo komweko pamalembedwanso mtundu wa injini, ndipo ndi bwino kulemba zonse ziwiri m'kope lanu pamodzi ndi nambala ya foni ya mwini wake.

Mukapeza zilembozo, ziwerengeni mofatsa. Tengani chitsanzo cha Honda Fit, imene yadzaza m'misewu ya Harare. Ya chasisi yoyamba ndi GD1 inapangidwa kuyambira 2001 mpaka 2007, ndipo injini yake ya L13A ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, kutanthauza mapulagi 8 ndi makoyilo 8. Ya GE6, imene inalowa m'malo mwake mu 2007, ilinso ndi injini yotchedwa L13A, koma mapulagi ake ndi 4 okha. Choncho ngakhale dzina la injini likhoza kukusocheretsani mukapanda kuliyika pamodzi ndi nambala ya chasisi. Mwini GD1 akagula mapulagi 4, makaniko amasintha akutsogolo okha chifukwa ndi osavuta kuwafikira, akumbuyo aja n'kutsala akale, ndipo pakapita masiku ochepa galimoto imayamba kunjenjemera pokwera mtunda n'kumamwa petulo wambiri. Kasitomala wotere amabwerera kwa inu akunena kuti munamugulitsa mapulagi achinyengo, pamene vuto linali lakuti anagula ochepa. Toyota Wish nayonso ili chimodzimodzi: ya ZNE10 ili ndi injini ya 1ZZ, pamene ya ZGE20 imene inayamba mu 2009 ili ndi ya 2ZR.

Samalani kwambiri ndi oyilo wa giyabokisi, chifukwa apa m'pamene anthu amataya ndalama zambiri. Ma Fit ambiri ali ndi giyabokisi ya CVT, imene imayendera lamba wachitsulo, ndipo siilola oyilo wamba wa ATF amene timathira m'magiyabokisi ena a otomatiki. GD1 ndi GE6 zimafuna oyilo wa Honda wotchedwa HMMF, pamene GK3, imene inatuluka mu 2013, imafuna wa HCF-2. Kasitomala akadandaula kuti GD1 yake imagwedezeka ponyamuka pamaloboti, mufunseni kaye oyilo amene anathiridwa komaliza musanayambe kumutchulira mtengo wa giyabokisi ina. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuona bambo amene amadyetsa ana ake ndi galimoto imodzi akugula giyabokisi yonse chifukwa cha botolo lolakwika.

Kenako, pemphani kuti abwere ndi sipeya yakale imene yachotsedwa, ngakhale ikhale yamafuta bwanji. Iikeni patebulo pambali pa yatsopano ndipo muyerekeze mabowo a mabauti, kutalika kwake, ndi soketi ya mawaya. Werengani timano ta m'soketimo, chifukwa masensa ena amafanana kunja konse koma wina ali ndi timano titatu pamene mnzake ali ndi tinayi. Pa mabuleki, gundanitsani kumbuyo kwa padi yakale ndi yatsopano kuti muone ngati timakutu take tikulingana. Ngati pa sipeya yakaleyo pakuoneka nambala ya kufakitale, ipukuteni ndi kansalu n'kuigwiritsa ntchito. Nambala za masipeya a Toyota nthawi zambiri zimakhala ndi zizindikiro 10, zisanu kumanzere ndi zisanu kumanja kwa kamzere.

Mapulagi olembedwa NGK kapena Denso alipo enieni ndi ongoyerekeza. Ongoyerekezawo kawirikawiri amakhala ndi zilembo zosaoneka bwino pachigawo choyera cha pulagi, ndipo kamphete kachitsulo ka pamazinga kamavuka mosavuta ndi chala. Ngati mumagulitsa amitengo yosiyana, muuzeni kasitomala poyera kuti awa ndi ati, asankhe yekha akudziwa.

Masipeya ochotsedwa m'magalimoto ophwasulidwa, makamaka a magetsi monga makoyilo, masensa ndi maalitaneta, musawalole kuchoka pashopu opanda chizindikiro chanu. Lembanipo ndi penti kapena cholembera chosafufutika, chifukwa pali ena amene amabweza koyilo yawo yakufa n'kunena kuti ndi yanu. Ngati galimoto ili pafupi, makaniko aiyese pomwepo injini ikulira. Pa lisiti lembani nambala ya chasisi, dzina la sipeya, ndalama imene walipira, kaya ndi madola a ku America kapena ndalama ya ku Zimbabwe ya ZiG, komanso masiku amene mwagwirizana kuti akhoza kubweza, ndipo kasitomala asainire asananyamule katundu wake.