Momwe mungatetezere chitsime chanu kuti chisalowe mchere ngati mukukhala kufupi ndi nyanja ya mchere

Abale athu ambiri ali ku Beira, ena ku Quelimane kaya ku Dar es Salaam, ndipo pampopi pakauma aliyense amathamangira chitsime cha kuseri kwa nyumba. Chomwe ambiri sadziwa nchoti pansi pa mchenga wa kumeneko madzi abwino amangoyandama pamwamba pa madzi a m'nyanja, poti amcherewo ndi olemera. Madzi abwino akatsika ndi mita imodzi yokha, amchere pansipo amakwera ndi mamita pafupifupi 40. Nde taganizani, anthu akuchulukirachulukira, aliyense ndi pampu yake, mvula nayo siyodalirikanso, nyanja ikukwera pang'onopang'ono. Chitani izi.

Choyamba, musalimbane ndi kukumba mozama. Kwathu kumtunda timati chitsime chakuya ndiye chabwino, koma kugombe ukapitiriza kukumba ukungodziitanira mchere. Bola chitsime chotakata koma chosazama, ndipo funsani kaye aneba omwe anakumba kale kuti mchere anaupeza pa mamita angati.

Chachiwiri ndi kapopedwe, apa mpomwe ambiri timalakwa. Munthu wagula pampu yamphamvu, akufuna thanki ya malita 5,000 idzadze asanamalize kumwa tiyi, osadziwa kuti pampu ikamakoka mwamphamvu choncho madzi amchere amakwera molunjika pansi pa chitsime chakecho, ndipo akangofika kuti abwerere pansi pamatenga miyezi kaya zaka. Popani pang'onopang'ono, muzipumitsa, pampuyo muiike m'mwamba pafupi ndi pomwe madzi alekezera osati pansi penipeni. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala mvula isanayambe mpofunika kudziletsa kwambiri. Kutsuka galimoto ndi madzi a pachitsime nthawi imeneyo, ine ndiye sindikuona nzeru yake.

Kenako muziyeza. Lilime limachedwa kuzindikira. Pali kachipangizo kangati cholembera kotchedwa TDS meter, koyeza mchere ndi zina zosungunuka m'madzi, mumangoviika m'kapu nambala nkutuluka. Pansi pa 600 madzi ali bwino, ikadutsa 1,000 ayamba kuvuta kumwa. Lembani mukope kamodzi pamwezi, mukaona nambala ikungokwera chepetsani kupopa pompo.

Chachinayi, bwezerani madzi a mvula pansi. Ambiri tathira simenti bwalo lonse kuopa matope, nde madzi onse a pamalata amangothamangira mu ngalande mpaka kunyanja. Ikani mapaipi a padenga, dzadzani thanki kaye, otsalawo apite mu dzenje lomwe mwathiramo miyala ndi mchenga kuti alowe pansi. Madzi a mvula yoyamba atayeni, amakhala ndi fumbi ndi zitosi za mbalame. Si zachilendo izi, tauni ya Atlantis kufupi ndi Cape Town yakhala ikulowetsa madzi pansi kudzera m'maiwe kwa zaka zoposa 40.

Chimbudzi chikhale mamita 30 kapena kuposa kuchoka pachitsime, mumchenga zoipa zimayenda msanga. Mangani khoma la konkire kuzungulira pakamwa pa chitsime, lokwera ndithu, ndi chivindikiro chothina.

Nanga namondwe akabwera ngati Idai uja anasakaza Beira mu Malichi 2019, madzi a m'nyanja nkulowa m'chitsime? Musathamangire kupopa mpaka chiume. Ku Sri Lanka itachitika tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja osefukira kumtunda) ya 2004 anthu anachita zomwezo pofuna kutsuka zitsime, mapeto ake mchere unangowonjezekera ndipo zitsime zina zinagumuka. Chotsani zinyalala ndi matope, tungani pang'ono, thirani klorini, kwinako musiyire mvula. Dziwaninso kuti mankhwala a klorini monga Certeza kaya WaterGuard amapha tizilombo basi, mchere sachotsa, ndipo kuwiritsa kumangouchulukitsa. Pa nthawiyi imwani a m'thanki kapena ogula.

Chomaliza nchovutirapo chifukwa chikukhudza aneba. Madzi apansiwa ndi amodzi dera lonse, inu mutha kusamala koma ngati pa loji yoyandikana nanu pampu ikulira usiku wonse mchere ufika kwa nonse. Khalani pansi ndi amfumu kapena akomiti ya madzi, gwirizanani maola opopa, ndipo pamsonkhano womwewo mukambe za omwe akukumba mchenga kugombe ndi kudula mitengo ya mangrove, yomwe imamera m'mphepete mwa nyanja nkumateteza gombe, kuti awotche makala. Pitani ndi kope lanu la manambala lija, anthu amamva msanga akaona okha.