Momwe mungasungire mbiri ya amayi kapena agogo amene anatisiya

Amayi anga atamwalira ndinkaona ngati palibe chomwe ndingaiwale za iwo, munthu anakubala, anakulera, anakulereranso ana ako, ungamuiwale bwanji? Koma patangotha chaka mwana wanga wamng'ono anandifunsa kuti kodi agogo ankaseka bwanji, ndinayesa kufotokoza koma zinakanika, nkhope yawo ndinkaiona bwinobwino m'maganizo koma mawu awo sankabweranso. Ndiye izi ndikulembera inu amene mukufuna kuti adzukulu asadzangomva dzina lokha.

Yambani ndi foni, lero lomwe, zithunzi zakale zija zidikire kaye chifukwa zamufoni ndi zomwe zimasowa msanga. WhatsApp imafufuta akaunti imene yatha masiku 120 osalowa pa intaneti, komanso nambala ikakhalitsa osagwira ntchito kampani ya mafoni imatha kuipereka kwa munthu wina, tsiku lina mudzangoona pa dzina loti Amayi patulukira nkhope ya mlendo. Ma voice note omwe ankakutumizirani ali mufoni mwanu inde, koma foni imabedwa, imagwera m'madzi. Anga ambiri anapita nditasintha foni osapanga backup ndipo palibe woti ndimuloze chala, wolakwa ndine ndemwe. Tsegulani chat yawo, fufuzani pamene palembedwa Export chat, sankhani kuti zithunzi ndi mawu zipite nawo, mudzitumizire pa imelo. Chat ikakhala yaitali sizipita zonse, ndiye ma voice note omwe mumawakonda kwambiri muwatumize limodzilimodzi. Uzani abale anu onse achite chimodzimodzi, ngakhale ka voice note kongoti mwafika bwanji, kapena kokukalipirani kuti simuyankha foni, musafufute. Kokalipa ndi kamene mudzakamvere kwambiri.

Foni ya malemuyo musathamangire kuipereka kwa mdzukulu musanakopere zonse zili m'menemo. Ngati anali ndi akaunti ya Google dziwani kuti kuyambira Disembala 2023 akaunti yomwe yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito itha kufufutidwa pamodzi ndi zithunzi zake. Ku Facebook mutha kupempha kuti tsamba lawo likhale lachikumbutso, amafuna umboni woti munthuyo anamwaliradi, kenako pa dzina lawo pamabwera mawu oti Remembering ndipo anthu salandiranso uthenga woti lero ndi tsiku lawo lobadwa. Koma zikatero palibe angalowenso muakauntimo, ndiye kambiranani kaye pabanja.

Tsopano ntchito yeniyeni, anthu. Lembani mayina a onse amene anawadziwa amayi asanakhale amayi anu, achemwali awo, alongo awo, alamu awo, mnzawo wa paubwana, ndipo muyambe ndi wamkulu kwambiri kapena amene akudwaladwala. Zikumveka zankhanza koma ndi zoona, ine ndinkati ndidzapita kwa azakhali ena ndikapeza mpata, mpata unapezeka iwo atapita kale, ndipo ndi okhawo amene ankadziwa za amayi ali mtsikana.

Mukafika musafunse kuti anali munthu wotani. Funso limeneli yankho lake ndi limodzi dziko lonse lapansi, anali munthu wabwino, wokonda anthu, wolimbikira ntchito, basi nkhani yathera pompo. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Ali mwana ankamuitana dzina lanji? Ankaopa chani? Munayambanapo, chinakuyambanitsani ndi chani, anayamba kupepesa ndani? Anakumana bwanji ndi bambo, ndipo makolo awo anati chani? Sukulu analekeza pati, chifukwa chani? Ndi tsiku liti limene munawaona akulira? Mafunso oterewa amatsegula pakamwa, munthu amayamba ndi kuseka kenako akufotokozerani zinthu zomwe simunamvepo moyo wanu wonse. Tengani chithunzi chimodzi chakale muwapatse m'manja, chimagwira ntchito kuposa mafunso khumi.

Pemphani chilolezo chojambula mawu, ikani foni pa flight mode kuti wina asaimbe pakati pa nkhani, zimitsani wailesi ndi TV, foniyo ikhale pafupi ndi wolankhulayo osati ndi inu. Poyamba penipeni nenani tsiku, chaka ndi dzina la amene akulankhula, pakatha zaka 10 simudzakumbuka. Ndipo akakhala chete inu musadzaze mpatawo, dikirani, nthawi zambiri zokoma zimabwera pambuyo pa kachete kameneko. Ola limodzi ndi lokwanira, achikulire amatopa, bola kubweranso tsiku lina.

Mudzapeza kuti nkhani sizikugwirizana, wina akuti anakwatiwa chaka chakuti wina akuti ayi. Musakhale woweruza, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena. Kusiyana kwakukulu mudzakuona pakati pa ana ndi adzukulu. Ife ana timakumbuka mayi wolusa amene akangokuyang'ana ndi diso limodzi pali alendo umadziwiratu kuti zako zada, pamene adzukulu amakumbuka agogo amene ankawabisa kumbuyo kwawo ife tikafuna kuwalanga, nkumatiuza kuti mwana salangidwa choncho, eti iwo omwewo! Onsewa ndi munthu mmodzi ndipo onse alowe m'mbirimo. Adzukulu afunseni paokha makolo palibe, ang'onoang'ono apatseni pepala ajambule agogo awo.

Za zithunzi zakale sindichulutsa. Jambulani ndi foni masana pafupi ndi windo, osayatsa flash chifukwa imasiya chowala pankhope, pali app yaulere ya Google yotchedwa PhotoScan imene imachotsa kunyezimira kumeneko. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati Document apo ayi chithunzi chimafinyidwa nkutaya kuwala kwake. Kuseri kwa chithunzi lembani mayina ndi pensulo mopepuka, bolopeni imadinda mpaka kutsogolo. Musamatire pulasitiki ya laminating pa zithunzi kapena makalata akale, ikamata yamata. Ndipo chilichonse chomwe analemba ndi dzanja lawo, kalata, kope la ngongole, mayina a ana kuseri kwa buku, jambulani, zolemba za munthu zimamubweretsa pafupi modabwitsa.

Pofika polemba yambani ndi tsamba limodzi la mafupa okhaokha, anabadwa liti, makolo awo ndani, ana angati, adzukulu angati, anagwira ntchito yanji, anatisiya liti. Pamene simukudziwa chaka lembani kuti cha m'ma chakuti, osapeka. Kenako pa mafupawo ikanipo mnofu, nkhani zija munatolera. M'malo molemba kuti anali owolowa manja lembani tsiku lija anapereka nsapato zanu zatsopano kwa mwana wa neba inu nkulira tsiku lonse. Mawu omwe ankakonda kunena alembeni momwe ankawanenera, osawakonza galamala. Paja mawu a akulu amakoma akagonera, ambiri omwe ankanditopetsa ndili mtsikana pano ndimawapeza akutuluka pakamwa panga ndikamalankhula ndi ana.

Chonde musawasandutse mngelo. Ngati anali amakani lembani kuti anali amakani, ngati ankachedwa kulikonse lembani, adzukulu amakonda munthu weniweni ndipo ena adzadzipeza okha m'menemo. Koma zinsinsi zomwe zingapweteke anthu amoyo ndi nkhani ina, zimenezo funsani eni ake kaye, akakana zisiyeni.

Ngati mbiriyo mudzaiwerenga pagulu pa tsiku lowakumbukira, sankhani nkhani ziwiri kapena zitatu basi, yeserani mokweza muli nokha mukuyang'ana wotchi, mphindi 5 ndi zambiri kale. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa misozi ikabwera simuona bwino, ndipo uzani m'bale mmodzi akhale pafupi kuti mawu akakuthawani apitirize ndi iyeyo.

Zonse mwatolerazi zikhale malo atatu, pa flash kapena memory card, pa intaneti, ndi kwa m'bale wina wa nyumba ina. Akaunti ya Google imabwera ndi 15GB yaulere, ya mawu ndi zithunzi imakwana ndithu, mavidiyo ndi omwe amadya malo. Password musaidziwe nokha. Ndipo zolembazo sindikizani papepala ngakhale makope ochepa, mwana aliyense lake, pepala silifuna password.

Kukopera chitani msanga koma kumvetsera musadzikakamize. Ine ma voice note ochepa omwe ndinapeza kwa mchemwali wanga anakhala miyezi 8 ndisanawatsegule, ndinkangoyang'ana kachizindikiro kaja nkutseka foni. Tsiku lomwe ndinalimba mtima ndinaitana mwana uja, mu kamodzi mwa ma voice note aja amayi akufunsa ngati ana adzuka bwino kenako wina anawaseketsa chapatali nkuyamba kuseka asanazimitse, masekondi 14 okha. Mwanayo anandilanda foni nkukabwereza kasanu.