Kalembedwe ka mu OB, kwa alonda a pa geti

Malangizo awa anabwera m'Chizungu kuchokera ku ofesi, ine ndangowaika m'Chinyanja kuti tonse timve chimodzi. Za dzina, tsiku ndi kusaina mudziwa kale. Nthawi lembani 02:15, osati "usiku" chabe.

OB ndi Occurrence Book, buku ngati lija la pa kauntala ku polisi, mukapita kukadandaula amakupatsani nambala ya OB. Occurrence ndi chilichonse chochitika pa shifiti, chabwino kapena choipa, motoka yalowa, magetsi azima, mwapatsana makiyi ndi mnzanu wam'mawa, zonse zilowe m'buku.

Manje liwu limene landivuta ndi incident. Ambiri mumati ngozi koma ngozi ndi accident, pamene munthu wapweteka kapena katundu waonongeka popanda amene anafuna. Incident imakuta zambiri, ngozi ilimo, kuba kulimo, ndewu, ngakhale munthu wosadziwika amene wazungulira mpanda kawiri n'kupita osagwira kanthu. Chinyanja chathu chilibe liwu limodzi la zonsezi ndiye ndalemba "chochitika chachilendo". Lamulo likuti: "Mlonda aliyense adzalemba chochitika chachilendo nthawi yomweyo, ndipo adzadziwitsa woyang'anira shifiti isanathe."

Pa fomu palinso near miss, uku ndi kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Geti yachitsulo yachoka pa njanji yake n'kugwa pafupi ndi phazi la mwana, mwana ali bwino, inu mwaibweza. Lembani ndithu, chifukwa mawa ikagwera munthu adzafunsa ndani anaiona poyamba.

Izi tsopano sizili mu pepala lawo koma mverani. Osang'amba peji, osafuta, mukalakwitsa dulani mzere umodzi musaine pambali. Osasiya mizere yopanda kanthu pakati. Lembani zimene mwaona ndi maso, osati "kawalala analowa" ngati munangopeza loko yothyoka. Ndinaona mdala wina wabwinobwino atalemberatu all in order (zonse zili bwino) ya usiku wonse pofika pa nchito kuti asavutike, batire ya thiraki inabedwa cha m'ma 03, ndipo amene anakagona m'selo ndi iye, buku lake lomwe ndilo linamupereka. Mpaka lero zimandiwawa.

Kuno ku Zambia polisi ndi 991, ozima moto 993, imbani poyamba kulemba pambuyo. Mukapweteka pa nchito inu eni ake, zilembedwe tsiku lomwelo ngakhale bala ndi laling'ono, nkhani ikadzapita ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lolipira anthu opweteka pa nchito, tsiku ndi nthawi zidzafunika.